Anyezi ndi tumeriki angachedwetse khungu la kumtundu?

Matendawa amayamba mwakachetechete. Mwana amangopunthwa dzuwa likalowa, anzake n'kumamuseka. Zaka zikamapita, kuona kwa m'mbali kumachepa mpaka munthu amakhala ngati akusuzumira m'paipi. Madokotala amawatchula kuti retinitis pigmentosa, ndipo amagwira pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 4,000 alionse. Vuto lili m'majini (a m'maselo, osati a mizimu aja), ndipo limapha pang'onopang'ono maselo olandira kuwala mkati mwa diso.

Mankhwala alipo, koma ndi a anthu ochepa. Luxturna, amene anavomerezedwa ku America mu 2017, amathandiza okhawo amene jini yawo ya RPE65 ili ndi vuto, ndipo mtengo wake unali madola 850,000 maso onse awiri. Ndani kwathu kuno angaikwanitse ndalama imeneyo? N'chifukwa chake ineyo ndimatchera khutu ndikamva za kafukufuku wa zomera.

Amene wandigwira mtima ndi wa Beata Jastrzebska wa pa Case Western Reserve University ku Cleveland. Mwa odwala ena, puloteni yogwira kuwala yotchedwa rhodopsin imapangika yopindika molakwika, n'kumaunjikana mpaka selo kufa. Gulu lake linapeza kuti quercetin, yopezeka mu anyezi ndi maapozi, imamatirira ku puloteniyi n'kuilimbitsa. Mbewa zimene anazipatsa quercetin, maso ake ankachedwa kuwonongeka. Asayansi ena anaonanso zofananako ndi curcumin wa mu tumeriki, pa makoswe. Ku Italy anafika poyesa safironi pa anthu odwala Stargardt, mtundu wina wa khungu la kumtundu. Sanawavulaze, koma maso sanabwerere mwakale.

Ndiye musathamangire kumsika. Mbewa si munthu, komanso curcumin wambiri amene mwadya safika n'komwe m'magazi, nanji m'diso. Selo likafa lafa, zomerazi cholinga chake n'kuteteza otsalawo basi. Aja otsatsa mabotolo pa WhatsApp kuti "amatsegula maso" mfundo imeneyi sakuuzani.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi mavitamini ongogula. Mu 1993 kafukufuku wa Eliot Berson ku Boston anasonyeza kuti vitamini A angachedwetseko retinitis pigmentosa mwa akuluakulu ena. Koma kwa wodwala Stargardt, madokotala amaletsa mapilitsi a vitamini yemweyo, chifukwa amachulukitsa zinyalala zimene zimaononga diso lake. Mitundu iwiriyi amaisiyanitsa ndi dokotala wa maso atayeza, osati wogulitsa mu famase.