Khansa ya Khomo la Chiberekero Ikabwereranso: Zoyenera Kudziwa Banja la Mlimi

Ena mwa ife amene timalima madimba ndi kuweta nkhuku kuno ku Chainda tili ndi mayi, mlongo kapena mkazi amene analandirapo chithandizo cha khansa ya khomo la chiberekero. Nthawi zina matendawa amabwereranso, kapena kufalikira kumapapo, kuchiwindi ndi kumafupa. Akafalikira, opaleshoni ndi makina owotcha chotupa sizikwanira, pakuti zimathandiza malo amodzi okha. Mpamene madokotala a ku Cancer Diseases Hospital, pafupi ndi UTH, amapereka chemotherapy, mankhwala oyenda m'magazi kufikira thupi lonse.

Kawirikawiri amaphatikiza paclitaxel ndi cisplatin kapena carboplatin. Amalowa mwa dripu kamodzi pa milungu 3 iliyonse, mwina mpaka maulendo 6, ndipo magazi amayezedwa ulendo uliwonse. Khansa yofalikira sichira kotheratu mwa odwala ambiri. Cholinga ndicho kuchepetsa chotupa, kuziziritsa ululu, kuletsa kutaya magazi ndi kuwonjezera masiku.

Mankhwalawa amawononga maselo ochulukana msanga, oipa ndi abwino omwe. Nchifukwa chake tsitsi limathothoka. Komanso mseru umabwera, zala zimachita dzanzi. Choopsa kopambana ndi kuchepa kwa maselo oyera oteteza thupi, makamaka pakati pa tsiku la 7 ndi la 14. Masiku amenewo wodwala asagwire manyowa, asasese khola la nkhuku, asapopere mbewu. Ndiwo zipse bwino, zipatso zitsukidwe, madzi akhale owiritsa. Amwe madzi ambiri, pakuti cisplatin amalemetsa impso. Thupi likatentha kufika madigiri 38, tithamangire naye kuchipatala ngakhale usiku, osadikira kucha. Zitsamba zilizonse zionetsedwe kwa dokotala zisanamwedwe, ndipo amene ali pa ma ARV asaleke.

Ife alimi timadziwa kugawa ntchito motsata nyengo. Tilembe masiku a dripu pakalendala, tisungiretu ndalama ya minibasi pa zimene tagulitsa, tigawane kuthirira dimba lake ndi kumuperekeza, kuti asaphonye ulendo.

Tisaiwale athanzi. Kuyambira 2006 makiliniki a mu Lusaka amayeza khomo la chiberekero ndi viniga, ndipo kuyambira 2019 atsikana m'dziko lonse amalandira katemera wa HPV. Amayi okhala ndi HIV ali pachiopsezo chochuluka pafupifupi ka 6, choncho aziyezedwa pa nthawi imene anamwino awaikira.