MALUWA A LYCASTE: SINTHANI MPHIKA MIZU YATSOPANO IKANGOYAMBA

Alimi ambiri akamva za chikande, chomwe anzathu a kumpoto amati chinaka, amangoganiza za ndiwo. Koma chikande ndi chimodzi mwa zomera za banja lalikulu lotchedwa orchid. Dziko lathu lino lili ndi mitundu yoposa 400 ya zomera za banjali, ndipo yoposa 200 imapezeka ku Nyika. Sabata ino tikambirana za mbale wake wa chikande wochokera kutali, duwa lotchedwa Lycaste, lomwe anthu amalibzala m'miphika chifukwa cha kukongola kwake. Duwali ndi lokwera mtengo ndipo limachedwa kukula. Chomwe chimalipha kawirikawiri ndi kulisinthira mphika pa nthawi yolakwika komanso kulithirira madzi pamene likupuma.

KWAWO KWA DUWALI

Lycaste amamera yekha m'nkhalango za m'mapiri kuyambira ku Mexico, kudutsa Guatemala ndi Costa Rica, mpaka ku Peru ndi Bolivia. Mitundu yake ilipo pafupifupi 30. Dzina loti Lycaste analipereka ndi katswiri wa zomera wa ku England, John Lindley, m'chaka cha 1843.

Mtundu wotchuka kwambiri ndi Lycaste skinneri, womwe akatswiri ena amautcha Lycaste virginalis. Dzina loyambalo linachokera kwa George Ure Skinner, mkulu wa zamalonda yemwe ankakhala ku Guatemala ndipo ankatumiza maluwa ku England. Duwa loyera la mtundu umenewu anthu a ku Guatemala amalitcha Monja Blanca. M'chaka cha 1934 boma linalisankha kukhala duwa la fuko lawo, ndipo chithunzi chake chili pa ndalama yawo yachitsulo ya 50 centavo. Limamera m'chigawo cha Alta Verapaz, mozungulira tauni ya Cobán.

Tauni ya Cobán ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,300, mofanana ndi Mzuzu. Ndi dera la chifunga ndi mvula yowaza ngati ya chiperoni. Izi zikutiuza kuti kuno kwathu duwali lingachite bwino m'madera okwera ndi ozizira monga Zomba, Thyolo, Mulanje, Dedza ndi Mzuzu. Ku Nsanje, Chikwawa, Salima ndi Karonga kumatentha kwambiri, choncho mlimi wa kumeneko asataye ndalama zake.

MMENE LIMAKULIRA

Kwawoko Lycaste amamera pa nthambi za mitengo, pa miyala ya ndere, kapena pa zinyalala za masamba zomwe zaunjikana pansi. Sayamwa mtengo monga amachitira kaufiti ku chimanga. Amangogwirako basi, ndipo mizu yake imakhala pamalo onyowa koma opita mphepo. N'chifukwa chake dothi la m'dimba, ngakhale likhale lachonde chotani, limapha duwali: mizu imasowa mpweya n'kuola.

Patsinde pa duwali pamakhala zotupa zobiriwira zooneka ngati anyezi, zina zazikulu ngati dzira la nkhuku kapena kuposerapo. M'menemo ndi mmene limasunga madzi ndi chakudya, motero m'nkhani ino tizizitcha nkhokwe. Chaka chilichonse pambali pa nkhokwe yomaliza pamatuluka mphukira. Mphukirayo imatulutsa masamba aakulu, opyapyala, a mizeremizere ngati a kanjedza wamng'ono. Kenako imatulutsa mizu yakeyake, ndipo pomaliza imatupa patsinde n'kukhala nkhokwe yatsopano. Maluwa amatuluka patsinde pa nkhokwe, duwa limodzi pa phesi lililonse. Nkhokwe yonenepa imatulutsa mapesi ambiri, yowonda imatulutsa limodzi kapena osatulutsa n'komwe.

Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: Lycaste amatulutsa mizu yambiri yatsopano kamodzi kokha pa chaka, pa nthawi imene mphukira ikukula. Ntchito yonse ya kasamalidwe kake yagona pamenepa.

MAGULU AWIRI

Mlimi ayenera kudziwa gulu la duwa lomwe ali nalo.

Gulu loyamba ndi lothothola masamba. Ambiri mwa awa ali ndi maluwa achikasu, monga Lycaste aromatica, yemwe amanunkhira ngati sinamoni, ndi Lycaste cruenta. Amachokera kumadera omwe kumakhala chilimwe chenicheni. Masamba akagwa, pamwamba pa nkhokwe pamatsala timinga takuthwa, choncho samalani zala. Maluwa awo amatuluka pamodzi ndi mphukira zatsopano.

Gulu lachiwiri ndi losunga masamba nthawi yaitali, monga Lycaste skinneri ndi Lycaste macrophylla. Awa safuna kuumiratu nthawi ina iliyonse.

NTHAWI YOSINTHA MPHIKA

Mabuku ambiri a maluwa analembedwa ku Ulaya ndi ku America, ndipo amati ntchitoyi ichitike m'Malichi kapena Epulo. Musatsate zimenezo. Maiko amenewo, pamodzi ndi Guatemala, ali kumpoto kwa equator pomwe ife tili kummwera, ndiye nyengo zathu n'zosemphana. Kuno mphukira zingayembekezeke kuzizira kukatha, cha m'Sepitembala mpaka Novembala. Komabe duwa lenilenilo ndi lomwe likuuzeni.

Dikirani mphukira italike ngati chala kapena kuposerapo pang'ono. Tsiku ndi tsiku yang'anani patsinde pake. Mukangoona timizu toyera tikusuzumira, tisanakwane sentimita imodzi kapena awiri, nthawi yakwana. Mukafulumira, duwa likadali m'tulo, mizu yakale yomwe mwaivulaza imaola popanda ina yolowa m'malo. Mukachedwa, mizu yatsopano imakhala yatalika, ndipo imathyoka mosavuta. Ikathyoka, nkhokwe ya chaka chimenecho imakhala yonyozoloka, ndipo maluwa a chaka chotsatira mwawataya.

Sinthani mphika pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri. Zizindikiro zake ndi izi: nkhokwe yatsopano yafika m'mphepete mwa mphika, zobzalira zafumbutuka n'kukhala ngati dothi, madzi akuchedwa kutuluka pansi, kapena mumphika mukumveka fungo lowawasa.

ZOBZALIRA

Alimi a kunja amagwiritsa ntchito makungwa ang'onoang'ono a mitengo, ndere youma yotchedwa sphagnum, ndi timiyala topepuka totchedwa perlite. Kuno mungasakanize magawo atatu a makungwa a paini, gawo limodzi la makala, ndi gawo limodzi la tizidutswa ta njerwa zootcha. Zonsezi ziphwanyidwe kufika pa kukula kwa njere ya chimanga kapena ya nzama, chifukwa mizu ya Lycaste ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya ma orchid ena. Sefani ndi kutaya fumbi lonse.

Makungwa akhale akale, ouma, opanda utomoni. Awiritseni kapena kuwathira madzi owira kuti tizilombo tife, kenako muwaviike m'madzi oyera usiku wonse. Makala akhale osayatsidwapo pa mbaula, opanda phulusa, ndipo atsukidwe.

Mphika ukhale ndi mabowo angapo pansi. Wadothi ndi wabwino chifukwa umaziziritsa mizu, koma umauma msanga. Wapulasitiki umasunga chinyezi nthawi yaitali. Usakule kwambiri: usiye malo okwanira nkhokwe ziwiri zatsopano basi. Mphika waukulu umasunga madzi ochuluka kuposa omwe mizu ingamwe.

KACHITIDWE KAKE

1. Thirirani duwalo dzulo lake kuti mizu ifewe ndi kusiyana ndi mphika mosavuta.

2. Sambani m'manja ndi sopo. Otchani mpeni kapena lumo pa moto mpaka litenthe kwambiri, kenako lizizire. Matenda a vairasi a ma orchid amafala kudzera m'madzi a chomera otsalira pa mpeni, ndipo alibe mankhwala. Amodzi mwa matendawa ndi a banja limodzi ndi mozeiki wa fodya, choncho ukhondo womwe mumatsata pa nazale ya fodya ndi womwewo. Otchani mpeni nthawi iliyonse mukamachoka pa duwa lina kupita pa lina.

3. Pendekani mphika ndi kutulutsa duwalo mutagwira nkhokwe zakale. Musagwire mphukira.

4. Chotsani zobzalira zakale zonse ndi zala kapena ndi madzi. Dulani mizu yakufa. Muzu wamoyo umakhala wolimba, wakufa umakhala wofewa kapena wamphako, ndipo mukaukoka khungu lake limavuka n'kutsala kaulusi.

5. Dulani nkhokwe zoola ndi zouma. Zolimba zisiyeni ngakhale zilibe masamba, chifukwa ndi zomwe zikudyetsa mphukira.

6. Ikani zidutswa za njerwa kapena mapale pansi pa mphika. Khazikani duwalo mwakuti nkhokwe yakale kwambiri igunde m'mphepete, ndipo mphukira iloze pakati pomwe pali malo.

7. Thirani zobzalira mozungulira mizu uku mukugogoda mphika pang'onopang'ono. Tsinde la mphukira likhale pamwamba penipeni pa zobzalirazo. Mukalikwirira limaola, mukalisiya m'mwamba mizu yatsopano imauma isanalowe.

8. Ngati duwalo likugwedezeka, limangireni ku kamtengo. Kugwedezeka kumakhula nsonga za mizu.

Kwa masabata awiri kapena atatu liikeni pa mthunzi ndipo muzingonyowetsa pang'ono. Mukaona mizu yalowa pansi, yambani kuthirira mokwanira.

KUCHULUKITSA

Njere za orchid zimakhala ngati fumbi ndipo zilibe chakudya m'kati mwake. Sizingafesedwe pa nazale ngati tomato. Akatswiri amazimeretsa m'mabotolo ku labotale, ndipo pamatha zaka zingapo kuti duwa loyamba lioneke. Njira ya mlimi ndi kugawa, ndipo imachitika tsiku lomwelo losintha mphika. Gawani duwa lokhalo lomwe lili ndi nkhokwe zisanu ndi imodzi kapena kuposerapo, kuti gawo lililonse likhale ndi nkhokwe zosachepera zitatu. Pa bala thirani ufa wa salufa kapena wa makala, ndipo lisiyeni liume. Nkhokwe zakale zomwe zatsala opanda mphukira musataye. Zikhazikeni pa makungwa onyowa pang'ono pa mthunzi, pakuti nthawi zina zimaphuka.

MADZI NDI FETELEZA

Pamene mphukira ikukula, Lycaste amamwa kwambiri. Thirirani m'mawa mpaka madzi atuluke pansi, ndipo bwerezani pamwamba pakangoyamba kuuma. Madzi a mvula ndi abwino koposa. A pa mjigo ngati ali a mchere amapsereza mizu. Mphukira yaing'ono imakhala ngati fanulo, ndipo madzi akagona m'menemo usiku imaola. Choncho thirani m'mphepete mwa mphika, ndipo nthawi ya dzinja duwalo likhale pansi pa denga.

Musaike feteleza wa njere monga 23:21:0+4S, CAN kapena Urea mumphika, amawauwa mizu. Gwiritsani ntchito feteleza wosungunula m'madzi, koma muchepetse mlingo wolembedwa pa paketi kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Thirani kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri. Kamodzi pa mwezi tsukani mphika ndi madzi okhaokha kuti mchere uchoke.

Nkhokwe yatsopano ikakhwima, siyani feteleza. Kwa gulu lothothola masamba, masamba akayamba chikasu n'kugwa musaganize kuti ndi matenda kapena ludzu. Duwalo likupita kokapuma. Lekani kuthirira, ndipo muzingopatsa madzi pang'ono nkhokwe zikayamba kukhwinyata kwambiri. Alimi ambiri amalakwa pomwepa: poona masamba akugwa amaonjezera madzi, ndipo nkhokwe zimaola. Kwa gulu lachiwiri, chepetsani madzi m'miyezi yozizira koma lisaumiretu.

MTHUNZI NDI TIZILOMBO

Duwali limafuna kuwala kokwanira koma osati dzuwa la masana. Chisakasa cha udzu wopyapyala kapena cha nsungwi chodutsa theka la dzuwa ndi chabwino. Usiku limakonda madigiri 10 mpaka 15, masana asapitirire kwambiri 27. M'Okotobala nyowetsani pansi pa chisakasa kuti pazizizira. M'Juni ndi Julayi, alimi a kumadera ogwa chisanu alowetse miphika pakhonde usiku. Mphepo iziyenda, koma yamphamvu imang'amba masamba.

Mdani wamkulu ndi kangaude wofiira, yemwe uja mumamudziwa pa tomato. Amabisala kunsi kwa masamba nyengo yotentha ndi youma. Pukutani masambawo ndi kansalu konyowa ndi madzi a sopo pang'ono, ndipo miphika isayandikane ndi tomato. Nkhono zimadya nsonga za mizu ndi maluwa usiku, choncho ikani miphika pa thandala. Maluwa akamasula musawagwire kapena kuwanyowetsa, amachita mawanga. Osasokonezedwa amakhala masabata angapo.

MALAMULO

Ma orchid onse ali pansi pa pangano la maiko lotchedwa CITES, lomwe limayang'anira malonda a nyama ndi zomera za m'tchire. Malawi analowa m'panganoli m'chaka cha 1982. Wofuna kuitanitsa Lycaste kuchokera kunja ayenera kuyamba wapeza chilolezo ku unduna wa zamalimidwe, ndipo wogulitsayo apereke zikalata za CITES ndi zotsimikiza kuti mbewuyo ilibe matenda. Gulani maluwa oleredwa pa nazale okha. Ku Guatemala boma linaletsa kuzula Monja Blanca m'nkhalango chifukwa anayamba kusowa.

Lycaste si mbewu yobweza ndalama msanga, ndipo mlimi afufuze kaye msika asanagule. Koma kwa amene ali nalo kale, duwa limodzi losamalidwa bwino limakhala zaka zambiri ndipo limagawika kukhala awiri kapena atatu. Konzani makungwa, makala ndi miphika m'Ogasiti zikhale chire, ndipo kuyambira Sepitembala muziyang'ana patsinde pa mphukira m'mawa uliwonse.