Zimene Nsanja ya Foni Imadziwa za Inu

Pamene msika wa fodya wa ku Chinkhoma watsegulidwa, ndalama za mabelo n'kuyamba kufika m'manja mwa alimi a ku Santhe, ku Chamama ndi ku Nkhamenya, amadzukanso ana a mdima amene sadziwa nazale kapena chigafa, koma amakolola ndi kauthenga konena kuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Ine amene ntchito yanga ndi kusamala makina osunga kaundula wa mafoni, abale amandifunsa ndi mtima wowawa: kodi boma likulekeranji kuwerenga mauthenga onse kuti akubawa agwidwe?

Ndiyambe ndafotokoza zimene timaona. Foni, ingakhale ili phee m'thumba, imalankhulana ndi nsanja yoyandikana nayo. Motero kampani imadziwa nambala imene mwaimbira, nthawi yake, utali wa kucheza kwanu, ndi dera limene munali. Mawu a pa WhatsApp sitiwaona, pakuti amatsekedwa pochoka m'foni yanu ndipo satseguka kufikira atalowa m'foni ya mnzanu. Koma zotsalazo musazipeputse, chifukwa chiyambire 2018, pamene bungwe la MACRA lidalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso cha mwini wake, wogwira kaundulayo angathe kulondola mudzi umene mudagona, sing'anga amene mumamuimbira usiku, ndi msonkhano wa chipani umene mudapitako, osamva liwu lanu ndi limodzi lomwe.

Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wakubayo wakhala m'kaundula mmodzimodzi ndi inu, ndipo achikulire a kuno kwawo kwa Kamuzu, amene akukumbukira masiku omwe kalata inkafika itatsegulidwa kale panjira, sasowa wowauza chifukwa chimene gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 lidaletsera kulowerera m'makalata ndi m'malamya a munthu. Lamulo la 2016 lolanga zolakwa za pa intaneti ndi lofunika ndithu, komatu lamulo lomwelo lamangitsapo anthu chifukwa cha mawu olembedwa pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ndipo ngakhale lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 ndilikondwerera, mtima wanga sukhazikika poona kuti ulonda wake udaperekedwa kwa MACRA yemweyo woyang'anira makampani a mafoni.

Chimene ndimaumirira n'chakuti kiyi wa kaundulayo asungidwe ndi bwalo la milandu: wapolisi atchule nambala, anene mlandu, woweruza aloleze kwa masiku owerengeka. Kuwerenga za aliyense sikungagwire akuba ochenjera, pakuti ambiri a iwo, kuphatikizapo amene adapezeka akuimba ali m'ndende ya Zomba, salembetsa simukhadi ndi dzina lawo. Amatenga chiphaso cha mlimi amene adachipereka pamsika kwa munthu womulonjeza feteleza wotchipa, ndipo apolisi akatsata kaundula, khomo limene amakagogoda ndi la mlimiyo.