Mbiri ya Sayansi m'Maiko Omangidwa pa Kompyuta: Phunziro Lochokera kwa Galileo

M'pepala lino tifuna kufotokoza m'mene maiko omangidwa pa kompyuta angathandizire pophunzitsa mbiri ya sayansi, ndi m'mene nkhaniyi ikhudzira ife ofufuza zinenero. Maiko otere, monga Second Life wa mu 2003 ndi Minecraft amene anakonzeredwa masukulu mu 2016, amalola wophunzira kuloŵamo, kuyendamo ndi kumangamo zinthu.

Titenge chitsanzo cha Galileo. M'buku limene linasindikizidwa ku Leiden mu 1638, iye anafotokoza kuti anasema ngalande pathabwa lalitali mikono 12, nalipendeketsa, nagubuduzapo kampira ka mkuwa. Nthaŵi ankaiyesa ndi madzi otuluka m'chotengera, amene ankaŵapima pa sikelo. Anapeza kuti nthaŵi ikachuluka kaŵiri, mtunda umachuluka kanayi. Ikachuluka katatu, mtunda umachuluka kasanu ndi kanayi. Alexandre Koyré anakayika ngati zipangizo zotere zikanapereka zotsatira zolondola, koma mu 1961 Thomas Settle anazimanganso naonetsa kuti zimatheka.

Wophunzira angamange thabwa lomwelo pa kompyuta, nasintha kupendekeka kwake, nabwereza kuyesako kambirimbiri. Komatu pali msampha. Kampira ka pa kompyuta kamamvera lamulo limene wokonza pulogalamu analiikamo kale, pamene Galileo ankafunafuna lamulo losadziŵika, ndi dzanja lotha kuchedwa potseka madzi. Tsono womanga ayenera kusiyamo zophophonya zoterezi mwadala, apo ai wophunzira adzaganiza kuti nzeru zinabadwa zokhwima kale.

Kwa ife phindu lalikulu lili pa mau. M'Chicheŵa tili ndi mau akuti liŵiro, koma chimene Galileo ankayesa ndicho kuonjezeka kwa liŵirolo. Wophunzira amene waona kampira kakuyamba pang'onopang'ono nkumka kafulumira amatha kufotokoza yekha m'chinenero chake asanapatsidwe dzina lachilendo. Mau otuluka m'kamwa mwa ophunzira otere ndiwo ayenera kulembedwa ndi kusanthulidwa, pakuti mau a sayansi opekedwa ndi komiti kaŵirikaŵiri amathera m'mabuku.

Motero tikupempha kuti pomanga maiko ameneŵa, akatswiri a zinenero akhalepo kuyambira pachiyambi. Akaitanidwa ntchito itatha kuti amasulire zikwangwani zokha, mwaŵi wakumva mau a ophunzira udzakhala utapita.