Kangolo ka njinga: katundu atsike pa kaliyala

Aliyense woyenda m'misewu ya Tsangano nthawi yokumba kachewere amadziwa m'mene njinga zimavutikira. Matumba awiri kapena atatu amangidwa pa kaliyala, mwini njinga akukankha pa chitunda thukuta lili kamukamu, ulendo wa ku msika wa Biriwiri kapena ku Lizulu. Ku Macanga nako n'chimodzimodzi: fodya, chimanga ndi feteleza zimayenda pa njinga kuchokera ku Chidzolomondo mpaka ku Furancungo.

Chitharetu nkhondo mu 1992, anthu atabwerera kuchokera ku Malawi, njinga ndiyo yakhala galimoto ya mlimi. Koma katundu akachuluka pamwamba, masipoko amaduka, gudumu lakumbuyo limapindika, ndipo munthu akagwa pa mtsetse thumba limamugwera mwendo. Ndalama ya kachewere imathera kwa wokonza njinga, nthawi zina ku chipatala.

Mankhwala a vutoli ndi kangolo ka magudumu awiri kokokedwa ndi njinga. Si zachilendo ayi. Ku Lusaka kampani ya Zambikes idapanga ngolo yotere yonyamulira odwala, dzina lake Zambulance. Ku Ulaya nako, apaulendo oyenda pa njinga zopinda, monga za Brompton za ku London, amakoka tingolo topepuka tomwe amatimasula pokwera sitima. Nzeru imeneyi ndi yotithandiza ifenso: kangolo komasuka kangakwezedwe pa chapa kapena pa lole popita ku Ulongwe ngakhale ku Tete.

Zofunika zake zimapezeka pafupi. Pezani magudumu awiri ofanana a njinga ya ana, a mainchesi 16 kapena 20. Gudumu laling'ono ndi lolimba, ndiponso limasunga katundu pansi, kotero ngolo sigubuduzika msanga. Pezaninso mapaipi achitsulo kapena mafelemu a njinga zakale, matabwa opepuka ndi mabawuti.

Mmisiri woocherera apange felemu ya ngodya zinayi, m'lifupi mwake musapitirire masentimita 80 kuti izidutsa m'tinjira ta kumunda. Gudumu lililonse ligwidwe ndi zitsulo mbali zonse ziwiri, monga momwe foloko imagwirira gudumu la njinga. Mukaligwira mbali imodzi yokha, ekiselo imapindika. Magudumuwo amangidwe ndi manati, asaocherere, kuti muzitha kuwachotsa.

Pofunika kusamala kwambiri ndi polumikizira. Chitsulo chokokera chichokere ku ngolo, chikhote, chifike pa ekiselo ya gudumu lakumbuyo kumanzere, kumbali kopanda tcheni. Chikhote mokwanira kuti gudumu lisakhudze pokhota njira. Pakati pa chitsulocho ndi njinga ikanipo chidutswa cha tayala lakale la galimoto, chomangidwa ndi bawuti. Mphirayo imalola njinga kupendekeka pamene ngolo ili chilili. Mukalumikiza chitsulo ku chitsulo molimba, njinga ikagwa ngolo nayo imagwa. Onjezanipo chingwe cholimba, kuti bawuti ikaduka ngolo isathawe.

Popakira, thumba lolemera likhale pamwamba pa magudumu, litasunthira kutsogolo pang'ono. Likakhala kumbuyo, ngolo imanyamula gudumu la njinga ndipo mabuleki sagwira bwino.

Tsono abale, mverani ichi. Dziko lathu ndi lamapiri, ndipo kangolo kalibe mabuleki ake. Pa chigwa mumakakoka ndinu, koma pa mtsetse kamakukankhani. Choncho musanamange ngolo, yambani mwakonza mabuleki onse awiri a njinga. Yesani kaye ndi thumba limodzi la makilogalamu 50 pa malo osalala. Pa mtsetse waukulu tsikani, muyende pansi mutagwira mabuleki. Nthawi ya mvula, matope akamamata magudumu, chepetsani katundu. Ngati njinga yanu ndi yopinda, dziwani kuti polumikizira pake pamafooka msanga, ndiye musaikokese zolemera.

Pa msewu waukulu wa galimoto mangani nsalu yofiira kumbuyo kwa ngolo, ndipo usiku musayende nayo popanda chonyezimira.

Mtengo wa magudumu ndi kuocherera ukamlemera munthu mmodzi, mabanja atatu kapena anayi angasonkhe n'kumabwerekana pa masiku a msika. Ngolo yomweyo, mutayalamo mphasa, ingafikitse wodwala ku chipatala usiku kulibe galimoto. Kambiranani ndi mmisiri wa m'dera lanu kachewere asanakhwime.