Aphunzitsi, Onetsani Ana Thukuta la Mitengo

Ku Congo ndi ku Amazon kuli nkhalango zowirira kumene mvula imagwa miyezi yambiri pa caka. Ana amayesa kuti mitengo imangomwa mvulayo. Iai, imaibwezanso kumwamba.

Aphunzitsi, yesani ici. M'mawa mangani kathumba ka pulasitiki pa nthambi ya masamba awisi imene ili padzuwa. Poweruka anawo adzapezamo madontho a madzi. Madzi otere, ocokera m'masamba osawerengeka, amakwera nasanduka mitambo, ndipo gawo lalikuru la mvula ya ku Amazon limabadwa motero. Tsono afunseni: nkhwangwa zikatha mitengo, madziwo adzacokera kuti?

Inu okhala pafupi ndi phiri la Ntchisi, kwerani nawo anawo. Kacigawo ka nkhalango yotere kakalipo kumeneko.