Anyamata Amene Anakana Kusiya Anzao

Lero tikambe za mpira wa ku America. Mpira wao suli wobulungira ngati wathu ai. Uli ngati dzira, ndipo amaunyamula m'manja nathamanga nao, anthu 11 mbali iyi, 11 mbali inayo.

M'caka ca 1951 anyamata a sukulu lalikulu la University of San Francisco, ophunzitsidwa ndi Joe Kuharich, anasewera masewera 9, napambana onsewo. Mwambo wa kumeneko ngwakuti akatswiri otere amaitanidwa ku masewera akulu a pa Caka Catsopano, kumene sukulu limalandirako ndalama zambiri. Koma ambiri a masewerawo anali kucitikira kumwera kwa dzikolo, kumene tsankho la khungu linali lolimba. Anyamatawo anasimba kuti anauzidwa kuti akafuna kuitanidwa, asiye anzao awiri akuda, Ollie Matson ndi Burl Toler. Onse anakana.

Tsono sanaitanidwe, ndipo sukululo, posowa ndalama, linaleka mpirawo. Koma Matson anakapata mamendulo awiri a liwiro ku Helsinki mu 1952, ndipo mu 1965 Toler anakhala wakuda woyamba kuweruza masewera a National Football League. Ndalama zinapita, koma mbiri yao ikali kumveka. Tsalani bwino.